Kew, Kirstenbosch, Singapore kapena Keukenhof: munda uti ukuyenera tsiku lanu ndi ndalama yanu?

Mchemwali wanga amene ndi namwino ku England adandilembera pa WhatsApp usiku wina kuti: "Achimwene, inu paja mumakonda zamitengo. Ndapatsidwa tchuthi cha masiku ochepa koma kandalama n'kongokwana ulendo umodzi. Ndipite ku Kew, kapena ndiwoloke nyanja ndikaone maluwa a ku Netherlands aja amadzaza pa Facebook?" Ndisanamuyankhe ndidamufunsa mwezi umene tchuthicho chikugwera, ndiponso ngati akufuna kukangotsuka maso kapena kukadziwana ndi zomera. Aliyense wondifunsa za minda ndimamubwezera mafunso awiri omwewa, chifukwa minda imene anthu amaitchulira pamodzi ndi yosiyana kutalitali.

Ilipo minda yosonkhanitsa, kumene akatswiri adatuta zomera kumbali zonse za dziko n'kuziika malo amodzi, chilichonse ndi kachikwangwani ka dzina lake. Ilipo minda yachionetsero, yobzalidwa kuti mlendo athyoke khosi ndi kukongola. Ndiye pali ina, yochepa kwambiri, imene idasankha kulera zomera za kwawo komweko, za m'tchire loyandikana nawo. Ndinenereretu kuti mtima wanga uli pa minda yotsirizayi. Komabe uliwonse uli ndi mwezi wake ndi munthu wake.

Kew, nkhokwe ya dziko lonse

Kew ili kumwera chakumadzulo kwa London, m'mphepete mwa mtsinje wa Thames. Mukakwera sitima ya District n'kutsika pa siteshoni ya Kew Gardens, mphindi zochepa wapansi mwafika pageti. Mundawu udayamba mu 1759 ngati dimba la banja lachifumu, lero uli ndi mahekitala oposa 120, ndipo mu 2003 bungwe la UNESCO lidauika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse.

Chimene anthu ambiri amathamangira ndi nyumba yagalasi yotchedwa Palm House, yomangidwa pakati pa 1844 ndi 1848. Ine ndidalowamo tsiku lozizira, nditavala majuzi awiri ndi jekete. Chitseko chitangotsekeka kumbuyo kwanga, magalasi anga a m'maso adachita mbuu ndi nthunzi, ndipo mphuno idalandira fungo la dothi lonyowa ndi masamba owola, fungo la dimba la nthochi ku Nkhata Bay mvula itangokata. Pakati pa nyumbayo pali makwerero achitsulo ozungulira. Mukakwera mumaona masamba a nthochi ndi a migwalangwa kuchokera pamwamba, monga amawaonera mbalame, thukuta lili kamukamu kumsana pamene panja anthu akunjenjemera.

M'nyumba yomweyo muli chomera chimene sindingachiiwale. Ndi cha mtundu wa cycad, zomera zooneka ngati kanjedza wa thunthu lonenepa koma za fuko lina lakale kwambiri, lomwe lidalipo maluwa asanayambe kuoneka padziko. Ichi adachizula kum'mawa kwa dera la Cape ku South Africa munthu wotolera zomera dzina lake Francis Masson, ndipo chidafika ku Kew mu 1775. Chakhala mu mphika kuyambira pamenepo. Chimakula pang'onopang'ono zedi, thunthu lake lidapendekeka, ndipo adalichirikiza ndi zitsulo ngati nkhalamba yoyendera ndodo. Ndidaima pamenepo nthawi yaitali ndikuwerengera kuti pamene Livingstone amafika ku Nyanja ya Malawi mu 1859, chomerachi chinali chitatha kale zaka 84 m'dziko la eni.

Chuma chenicheni cha Kew mlendo wamba sachiona. Ali ndi nyumba yosungira zomera zouma, zopanikizidwa pamapepala, zoposa 7 miliyoni. Zina mwa izo adazitumiza John Kirk, dokotala komanso katswiri wa zomera amene adayenda ndi Livingstone m'zigwa za Zambezi ndi Shire kuyambira 1858. Kuchokera m'mapepala ngati amenewo mudatuluka Flora Zambesiaca, mabuku ofotokoza zomera za Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana, amene loyamba lake lidatuluka mu 1960. Wophunzira wa zankhalango amene akufuna dzina lasayansi la msuku kapena mlombwa amatsamira ntchito imeneyi ngakhale sanapondeko London.

Mbiri ya Kew ilinso ndi mbali yowawa, ndipo ndi bwino kulowa pageti mukuidziwa. Munda umenewu unali chida cha ufumu wa Britain. Mu 1876 Henry Wickham adatulutsa mbewu za mtengo wa labala pafupifupi 70,000 m'nkhalango ya Amazon ku Brazil n'kupita nazo ku Kew. Zimene zidamera adazitumiza ku Sri Lanka ndi ku Singapore, ndipo patatha zaka makumi angapo malonda a labala a ku Brazil adagwa chagada. Mitengo yambiri yokongola imene mukuiona kumeneko idachoka kwawo eni nthaka asanafunsidwe.

Zovuta zake kwa mlendo ndi izi. Tikiti imaboola m'thumba, makamaka kwa amene akuwerengera m'makwacha. Malo ndi aakulu moti tsiku limodzi simungamalize, ndipo amene amayesa amangotupa mapazi osaona kanthu. Ndege zopita ku Heathrow zimadutsa pamwamba mosalekeza. M'miyezi yachisanu, Disembala ndi Januwale, mitengo yapanja imakhala yoyoyoka masamba ndipo mdima umagwa cha m'ma 4 koloko, ngakhale kuti nyumba zagalasi zimakhala zobiriwirabe. Muyambe mwaonanso pa intaneti ngati nyumba imene mukuifuna ili yotsegula, chifukwa nyumba zakalezi akayamba kuzikonza sachita changu: Temperate House, yaikulu kuposa zonse, idatsekedwa zaka 5 mpaka 2018.

Amene ali kumpoto kwa Britain, kapena amene thumba laperewera, asadandaule. Royal Botanic Garden ya ku Edinburgh ndi yakale kuposa Kew, idayamba mu 1670 ngati dimba la zitsamba za mankhwala, ndipo kulowa m'munda wapanja n'kwaulere. Ndi mahekitala 28 okha, oyendeka bwino masana amodzi. Kwa ife mundawu ndi wachibale: mbande za khofi zimene Jonathan Duncan, wosamalira minda wa mishoni ya Blantyre, adabwera nazo mu 1878 zidachokera kumeneko. Ngati mukufuna kukula ndi kuchuluka, Kew ilibe mnzake. Ngati mukufuna kumabwerabwera Lamlungu lililonse osaganiza za ndalama, Edinburgh ndiye yanu.

Minda yothyola khosi

Maluwa amene mchemwali wanga amawaona pa Facebook ndi a ku Keukenhof, pafupi ndi tawuni ya Lisse, kumwera chakumadzulo kwa Amsterdam. Pa mahekitala 32 amakwirira ndi manja timababu ta maluwa tokhala ngati anyezi pafupifupi 7 miliyoni chaka chilichonse, makamaka a tulip. Akaphuka ndi ofiira psuu apa, achikasu apo, oyera mbee uko, mizere ndondondo pansi pa mitengo ikuluikulu. Palibe munthu wa maso amene angakane kukongola kwake.

Koma mumve bwino: Keukenhof imatsegulidwa masabata pafupifupi 8 okha, kuyambira cha kumapeto kwa Malichi mpaka pakati pa Meyi, ndipo maluwa amakhala pachimake cha pakati pa Epulo, malinga ndi mmene kwazizirira chaka chimenecho. Miyezi ina yonse geti n'lotseka. Mudziwenso kuti mundawu, kuyambira pamene udatsegulidwa mu 1950, ndi chionetsero cha alimi ogulitsa maluwa. Nyengo ikatha amazula zonse n'kuyambanso. Palibe duwa la tulip limene mungalipeze chaka chamawa n'kunena kuti lakula. Anthu amakhala piringupiringu, aliyense foni m'mwamba. Ndi ulendo wabwino wa kamodzi, wa banja kapena wa anthu ongokwatirana kumene, koma kwa wokhala ndi pasipoti ya Malawi pamafunika viza ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, ndipo viza ya Britain siigwira ntchito kumeneko. Mukaphatikiza zonsezi, ulendo wa maola anayi m'maluwa umadya ndalama ndi mapepala ambiri.

Pa minda yachionetsero, umene ndimaulemekeza ndi Butchart Gardens pa chilumba cha Vancouver ku Canada, chifukwa cha chiyambi chake. Padali chidzenje chokumbamo miyala ya simenti. Miyala itatha, Jennie Butchart, mkazi wa mwini fakitale, adatutira dothi m'dzenjemo ndi ngolo za akavalo n'kulisandutsa munda wa maluwa. Aliyense amene adaonapo maenje osiyidwa ndi oumba njerwa kapena oswa miyala m'matauni mwathu akhoza kumvetsa chifukwa chake nkhaniyi imandigwira mtima.

Kirstenbosch

Tsopano ndafika kwathu kwa mtima wanga. Kirstenbosch ili ku Cape Town, pa mtsetse wakum'mawa wa phiri la Table Mountain. Idakhazikitsidwa mu 1913, ndipo mtsogoleri wake woyamba, Harold Pearson, adamwalira patangotha zaka zitatu n'kuikidwa m'munda momwemo. Oyambitsawo adachita chinthu chimene minda ikuluikulu ya nthawi imeneyo sinkachita. M'malo modzitama ndi zomera za kutali, adati tilere zathu. Malo onse ndi mahekitala 528, koma olimidwa ndi 36 okha. Otsalawo ndi tchire ndi nkhalango yachilengedwe yokwera mpaka kumapiri, moti mukamayenda simuzindikira pamene munda wathera ndi pamene phiri layambira.

Tchire la kumeneko amalitcha fynbos. Ukaliona patali ndi zitsamba zotuwa, zazifupi, zonga zosapindulitsa. Ukaliyandikira ndi pamene umagwira pakamwa. Dera laling'ono la Cape lili ndi mitundu ya zomera pafupifupi 9,000, ndipo pa khumi iliyonse pafupifupi 7 simera kwina kulikonse padziko. Ndi chifukwa chake mu 2004 UNESCO idalemba derali, Kirstenbosch ili momwemo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kuno mawuwa ndi malangizo enieni a kayendedwe.

Mmawa wina mwezi wa Sepitembala ndidakhala pa benchi kumtunda, kumene kuli maluwa a protea. Patsogolo panga padali duwa la protea wamkulu uja amene ndi duwa la fuko la South Africa, lotambalala ngati mbale ya nsima, m'mbali mwake muli timasamba tosongoka tofiirira, pakati pali ubweya wotuwa. Kudabwera mbalame ya mchira wautali kuposa thupi lake, idatera pa duwalo, n'kulowetsa mutu wonse mkati kuyamwa timadzi totsekemera. Potulutsa mutu, chipumi chake chinali chitadzola ufa wa duwa, ndipo idauluka nawo kupita pa duwa lina. Kumusi pa kapinga nkhanga zinkayendayenda pakati pa anthu osaopa. Pamwamba pa phiri mtambo woyera unkasefukira kutsika m'matanthwe, monga amachitira chiperoni pa Mulanje. Ndidangotsala kakasi, chifukwa ma protea ena a mtundu womwewu amamera ku Zomba ndi ku Nyika, ndipo ndidawadutsa kambirimbiri osawaponyera diso.

Kumeneko ndidaphunziranso kuti fynbos imadalira moto. Mbewu za zomera zambiri zimagona m'dothi zaka, sizimera mpaka utsi utazidutsa, ndipo akatswiri a ku South Africa atazindikira zimenezi adayamba kunyika mbewu m'madzi a utsi kuti zimere ku nazale. Ife amene tidakula tikuona msipu ukuphukira pa lupsa timachidziwa chinthuchi ndi maso, koma kumva chifukwa chake kumasintha mmene umaonera tchire lopsa.

Ana amakonda mlatho wa pamwamba pa mitengo umene udatsegulidwa mu 2014. Ndi wa mamita 130, wokhotakhota, ndipo amautcha Boomslang, dzina la njoka ya mumtengo. Amphamvu m'miyendo akhoza kuyambira m'munda momwemo kukwera phiri kudzera njira ya Skeleton Gorge, koma imeneyo si ya nsapato za ku tchalitchi, ndipo nyengo ya pamwamba imasintha mwadzidzidzi. M'chilimwe, Lamlungu madzulo kumakhala zoimbaimba pa kapinga, anthu atayala nsalu ndi zakudya zawo.

Nawonso mundawu uli ndi zipsera. Malowa adali a Cecil Rhodes, amene adawasiyira boma pomwalira mu 1902. Mkati mwake mukadali chidutswa cha mpanda wa mitengo umene Jan van Riebeeck adabzalitsa mu 1660 kuti atsekereze Akhoikhoi ndi ng'ombe zawo kunja kwa malo amene azungu adalanda. Mitengoyo ikadali yamoyo, nthambi zake zopiringizana. Ndi bwino kuimapo ndi ana n'kuwauza.

Poyerekeza ndi Kew, Kirstenbosch ilibe nyumba zagalasi zikuluzikulu ndipo simukaonako zomera za ku Asia kapena America zochuluka. Mvula ya ku Cape Town imagwa m'miyezi yozizira, Juni mpaka Ogasiti, ndiye mukapita nthawi imeneyo nyamulani ambulera. Mwezi wabwino ndi Sepitembala, kapena kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala, pamene maluwa a m'tchire aphukira pamodzi. Kwa ife phindu lina ndi loti ulendo waufupi ku South Africa sufuna viza pa pasipoti ya Malawi, ndipo pageti nzika za mayiko a SADC zimalipira mtengo wotsika zikaonetsa chiphaso. Musasiye pasipoti kunyumba.

Abale athu ambiri ali ku Johannesburg, ndipo Cape Town kwa iwo ndi ulendo wa usiku wonse pa basi. Iwowa ali ndi Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort, woyendetsedwa ndi SANBI, bungwe lomwe limayendetsanso Kirstenbosch, ndiponso wa zomera za kwawo. Uli ndi mathithi a Witpoortjie, ndipo pa thanthwe la pambali pake ziwombankhanga zakuda zakhala zikumanga zisa kwa zaka zambiri. Munthu amene sabata yonse wakhala m'phokoso la mateksi akakhala pansi pa mathithi amenewo amamva mtima ukutsika. Ku Durban kuli umodzi mwa minda yakale kwambiri imene ikadalipo mu Africa, wa mu 1849, ndipo kulowa n'kwaulere. Kumeneko mukafunse cycad ya Wood. John Medley Wood adapeza tsinde limodzi lokha la mtundu umenewu m'nkhalango ya Ngoye mu 1895, ndipo linali lalimuna. Lalikazi silinapezekepo mpaka lero. Zonse zimene zili padziko, kuphatikizapo imodzi ya ku Kew, ndi mphukira za tsinde lomwelo, ndipo sizingabereke mbewu.

Singapore ili ndi minda iwiri, musaisokoneze

Amene amapita ku Asia pa maphunziro kapena pa geni nthawi zina amasinthira ndege ku Singapore, ndipo akafunsa za munda amalozeredwa ku Gardens by the Bay. Uwu udatsegulidwa mu 2012 pa malo okwiriridwa m'nyanja. Uli ndi mitengo yopanga yachitsulo ndi simenti yotalika mamita 25 mpaka 50, yokutidwa ndi zomera zoyanga, imene usiku imayaka magetsi waliwali. Muli nyumba ziwiri zagalasi zoziziritsidwa ndi makina, ina ili ndi phiri lopanga ndi mathithi ake mkati. Ndi luso lodabwitsa la zomangamanga, ndipo madzulo amodzi kumeneko sangakukhumudwitseni. Koma m'nyumba ina ndidapezamo milambe itaima pansi pa denga lagalasi, ndipo munthu amene adadutsapo msewu wa Liwonde kupita ku Mangochi, milambe ili nga nga nga mbali zonse dzuwa likuswa mtengo, amaona kuti apa pali thupi la mtengo lokha popanda dziko lake.

Munda umene ndikukulimbikitsani ndi winawo, wakale, Singapore Botanic Gardens wa mu 1859, umene UNESCO idaulemba mu 2015. Uli ndi mahekitala 82, kulowa n'kwaulere, ndipo umatsegulidwa 5 koloko mmawa mpaka pakati pa usiku. Mukafika mbandakucha mumapeza nkhalamba zikuwongola mafupa pa kapinga ndi anthu othamanga asanapite kuntchito. Ndi munda wa eni mzinda, wogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku. Mkati mwake adasiyamo kankhalango kachilengedwe ka mahekitala 6, kakale kuposa munda weniweniwo.

Nkhani ya labala ija imapitirira kuno. Mbande zochokera ku Kew zidafika mu 1877, ndipo Henry Ridley, amene adakhala mkulu wa mundawu kuyambira 1888, adapeza njira yocheka khungwa mopendeketsa kuti utomoni utuluke mtengo osafa. Kenako adakakamira alimi kuti abzale labala mpaka dera la Malaya lidatsogola padziko lonse. Mukadutsa ku Vizara, ku Nkhata Bay, n'kuona timakapu tomangiriridwa pa mitengo pansi pa mzere wochekedwa, mukuona mdzukulu wa ntchito imeneyo.

Malo amodzi olipira ndi National Orchid Garden, ndipo ndalamayo siipita pachabe. Muli mitundu yoposa 1,000 ya maluwa a orchid ndi ina yoposa 2,000 yochita kukwatitsa. Ali ndi mwambo wotcha duwa latsopano dzina la mlendo wolemekezeka, ndipo la Nelson Mandela lilipo. Apanso ndidakumbuka kwathu, chifukwa Nyika yokha ili ndi mitundu ya orchid yoposa 200, ndipo chinaka chimene amadya kumpoto, chimene ku Zambia amati chikanda, chimapangidwa ndi timizu ta maluwa omwewa. Vuto la Singapore ndi kutentha kwa chinyezi chaka chonse, konga kwa ku Nsanje mvula ikamafuna kugwa. Pitani mmawa, pofika 11 koloko mukhale mutatuluka.

Ina yoti muidziwe

Mauritius ili pafupi kuposa mmene ambiri timaganizira, ndipo ku Pamplemousses kuli munda wotchedwa dzina la Sir Seewoosagur Ramgoolam. Adaukonza Pierre Poivre cha m'ma 1770, munthu amene adazembetsa mbande za cloves ndi nutmeg, zokometsera zakudya, kuchokera kuzilumba zimene Adatchi ankazilondera kuti wina asalime. Anthu amapitira dziwe la akakombo a ku Amazon, a masamba otambalala ngati malichero akuluakulu, ena kufika mamita awiri, m'mphepete mopindikira m'mwamba. Duwa lake limatseguka usiku woyamba lili loyera, usiku wachiwiri lasanduka lofiirira. Mulinso mgwalangwa wa talipot, umene umatha zaka makumi angapo osachita maluwa, kenako umaphuka kamodzi kokha n'kufa. Ndi munda wa mthunzi ndi mitengo, wa maola awiri kapena atatu, ndipo amene akuyembekeza maluwa amitundumitundu sadzawapeza ambiri.

Wa ku Rio de Janeiro ndi wa fuko lomwelo koma waukulu. Adaukhazikitsa mu 1808 kalonga João wa ku Portugal atathawira ku Brazil poopa Napoleon. Umadziwika ndi msewu wa migwalangwa yaitali yoima mizere iwiri, ndipo kholo la mitengo imeneyo, lobzalidwa mu 1809, lidaphedwa ndi mphenzi mu 1972. Pamwamba pake mumaona phiri la Corcovado. Kwa ife ndi ulendo wautali ndi wodula, woyenera ngati ntchito yakufikitsani kale ku Brazil.

Wokonda zamankhwala azitsamba akafika ku Italy apatukire ku Padua, pafupi ndi Venice. Munda wa yunivesite ya kumeneko ndi wa mu 1545 ndipo sunasunthepo. Adauyambitsa kuti ophunzira udokotala azisiyanitsa chitsamba chenicheni ndi chonamizira, ndipo posakhalitsa adauzinga ndi khoma lozungulira chifukwa anthu ankaba zitsambazo usiku. Muli kamgwalangwa kobzalidwa mu 1585. Ndi waung'ono, ola limodzi kapena awiri mwamaliza.

Fodya wa pamphuno

Ambiri amene mukuwerenga simukwera ndege chaka chino, ndipo paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munda wa zomera wa ku Zomba, m'tsinde mwa phiri, kumene mtsinje wa Mulunguzi umatsika m'miyala pansi pa nsungwi ndi mitengo ikuluikulu, udayamba cha m'ma 1891 m'manja mwa Alexander Whyte. Ndi Whyte yemweyo amene dzina lake lili pa mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, mtengo wa fuko lathu umene watsala pang'ono kutheratu paphiri. Lero mundawu uli pansi pa National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, bungwe lokhazikitsidwa mu 1987 lomwe lili ndi minda inanso ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Ku Zambia kuli Munda Wanga ku Chilanga, kumwera kwa Lusaka, wa dzina la chiyankhulo chathu chomwe, kumene zomera zili pamodzi ndi nyama. Ku Harare, National Botanic Garden idatsata nzeru yonga ya Kirstenbosch: gawo lalikulu ndi mitengo ya Zimbabwe, yobzalidwa motsata madera amene imamera.

Minda yathuyi siingapikisane ndi Kew pa ndalama kapena pa chiwerengero cha zomera. Koma ku Zomba mbawa imamera panja, m'dothi lake, mvula yake ikuigwera, ndipo ku London mtengo ngati umenewo umafuna denga lagalasi ndi mapaipi a madzi otentha. Kuyambira pamene ndidabwerako ku Kirstenbosch ndimalowa m'munda wa ku Zomba ndi kabuku m'thumba. Ndimalemba dzina lasayansi la pa chikwangwani, kenako ndimafunsa aliyense wachikulire amene ndampeza dzina la Chichewa kapena Chiyao la mtengowo ndi ntchito yake. Bambo wina wosesa masamba adandionetsa mkuyu n'kundifotokozera mbalame zimene zimabwera nkhuyu zikapsa, mwatsatanetsatane kuposa chikwangwani chilichonse.

Ndiye mukati ndisanje, ndisanja chonchi. Kwa munthu wochokera kuno amene ali ndi ulendo umodzi wokha woti asankhe, Kirstenbosch mu Sepitembala. Kwa wophunzira zomera kapena wokhala ku Britain, Kew, koma asankhiretu nyumba ziwiri kapena zitatu zoti aone m'malo mothamangira zonse. Wosintha ndege ku Singapore apite ku munda wakale mmawa, ndipo ngati nthawi ilipo, ku watsopano usiku. Keukenhof ndi ya amene ali kale ku Ulaya mu Epulo.

Tchuthi cha mchemwali wanga chidagwera mu Novembala, ndiye za tulip zidathera pomwepo. Adapita ku Kew. Madzulo ake adanditumizira chithunzi cha mkoko wa nthochi utalendewera pansi pa galasi, n'kulemba kuti: "Achimwene, ndakhala mu Palm House ola lathunthu. Chichokereni kumudzi, lero ndi pamene thupi langa lamva kutentha kwa kwathu." Tagwirizana kuti akamabwera kudzaona amayi, adzagule tikiti yodzera ku Cape Town, ndipo adzasankhe mwezi wa Sepitembala.